A Francisko ndi Keke ya Nyimbo Khumi ndi Ziwiri

Kwathu kuno ku Nchema mukafunsa aliyense za malemu a Francisko, ayamba ndi kuseka, kenako akuuzani kuti mkulu ameneyu sankaphika keke ndi wotchi, ankaphika ndi nyimbo. Akalowetsa chitini mu uvuni wawo wa njerwa kuseri kwa nyumba, ankatseka kachitseko, kuvula chipewa, kukhosomola kawiri, n'kuyamba nyimbo za m'tchalitchi, ndime zonse, osadumpha ndi imodzi yomwe. Masikono ankapsa ndi nyimbo zitatu. Chigumu cha nthochi chinkafuna zisanu ndi ziwiri. Koma keke ya Khirisimasi, imene inawatchukitsa kuyambira kuno mpaka ku Namadzi, inkadya nyimbo khumi ndi ziwiri, chiwerengero cha atumwi.

"Yomalizayo ndi Yudasi," ankatero. "Ukangoitayirira, imapereka keke m'manja mwa moto."

Tsono mawu akewo! Ndinene zoona ngakhale eni ake anagona: a Francisko anali ndi mawu oipa, ndipo osati pang'ono. Akatsegula pakamwa nkhuku zinkasiya kufukula, agalu a kutsidya kwa mtsinje ankavomera, ndipo tsiku lina wogulitsa usipa anatsika panjinga kudzafunsa ngati pakhomopo akupha nkhumba, kuti aguleko ya ndiwo. Eni ake sizinkawakhudza. Ankayimba chifuwa chili patsogolo, maso ali tsinzinu, ngati kumwamba konse kwaima kuti kuwamvere.

Luso la ufa analitenga ku Limbe, kumene anagwira ntchito m'bekale zaka makumi awiri. Atabwera kuno kudzakhala chikamwini kwa a Dorothy, anayamba ndi kumanga uvuni, khitchini inabwera pambuyo. Abale akuchikazi ankati mkamwini ameneyu mutu wake suyenda bwino, koma atalawa masikono ake anasiya kunena. Mawotchi anapatsidwapo atatu ndi anthu ofuna kupulumutsa makutu a mudzi, onse anathera m'kabati.

"Wotchi imatha batire," ankatero. "Munamvapo kuti nyimbo yatha batire? Komanso wotchi ikamayenda, Mulungu amapindulapo chiyani?"

Lamulo lawo linali limodzi: nyimbo ikayamba siiduka. Wofuna kulankhula nawo ankayankhidwa ndithu, koma m'nyimbo momwemo. Mawu a kumwamba ankapatuka pang'ono, a pansi pano n'kudutsa, chuni chili chomwecho. Ife tinazolowera kumva pakati pa nyimbo ya zopereka kuti, "Mayi a Selestina, mbuzi yalowa m'nandolo-o-o, aleluya." Amene sanazolowere anali mtsikana wa kalembera amene anafika chaka china ndi kamakina kake m'manja.

"Odi! Mutu wa banja lino ndani?"

"Ndi amene akulirawo," anatero a Dorothy, osadzutsa mutu pa chinangwa chimene ankasenda. "Kawafunseni, ine ndinatopa."

Mtsikanayo anazungulira kuseri n'kugwada mwaulemu. "Agogo, dzina lanu?"

"Francisko-o-o, mwana wa Mulungu-u."

"Zaka zanu?"

"Sikisite-seveni, mwa chifundo chake-e-e."

"Chimbudzi muli nacho?"

"Chilipo kuseriko, alemekezeke-e!"

Mwana wa eni anaseka mpaka anakhala pansi pa fumbi ndi yunifolomu yake. Pofika nyimbo yachitatu anali akuvomera nawo, ndipo anachoka ndi masikono awiri otentha m'chikwama.

Koma pa uvuni uja panali munthu mmodzi amene sanavomerepo nyimbo kuyambira ali mwana, ndipo anali mwana wawo yemwe, Selestina. Iyeyu ndiye anali manja a bambo ake. Kusefa fulawa, kutikita majarini ndi shuga mpaka ziyere, kuswa mazira m'kapu kaye kuopa lovunda, zonsezi ankazichita bwino kuposa a Francisko eni ake. Nyimbo khumi ndi ziwirizo ankazidziwa pamtima, mpaka malo amene bambo ake ankapumira. Kungoti sankayimba. Sankayimba pa uvuni, sankayimba m'tchalitchi, ngakhale pa ukwati wake womwe sanayimbe.

Chiyambi chake chinali kanthu kakang'ono. Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi analowa kwaya ya ana yokonzekera Khirisimasi pa katchalitchi kathu. Wophunzitsa anali a Hillary, nthawi imeneyo mnyamata wa tayi, wodziwa nyimbo ndiponso wodziwa kuti amadziwa. Anayenda pamzere khutu lili tcheru kusaka pamene pankachokera chisokonezo, n'kuima pa Selestina.

"Iwe uli ndi nkhope yabwino," anatero. "Uziima kutsogolo, koma uzingoyendetsa milomo."

Ana anzake anaseka. Selestina anali mwana womvera, ndiye anamvera. Anamvera zaka makumi atatu.

A Francisko atamva nkhaniyo anakwera njinga ufa uli m'mikono, ulendo kwa a Hillary.

"Aphunzitsi, ndingofunsako. Khwangwala analengedwa ndi ndani?"

"Ndi Mulungu, bambo."

"Ndiye atamulenga anamuuza kuti azingoyendetsa milomo?"

A Hillary anapepesa, koma kupepesako kunafika mochedwa, pakamwa pa mwana panali patatsekeka kale. Kuyambira pamenepo, Khirisimasi iliyonse a Francisko akafika pa nyimbo yachinayi ankatsegula diso limodzi n'kuyimba kuti, "Selestina, landira-a-a!" Selestina ankangoyang'ana m'beseni. Bambo ake sankakalipa. Ankapitiriza okha, ndipo keke ikatuluka ankamugwira paphewa n'kunena kuti, "Chaka chamawa, mwana wanga." Mawu amenewa ankamupweteka Selestina kuposa kukalipa.

Keke ija sinali yogulitsa. Pa Khirisimasi, anthu akangotuluka m'tchalitchi, a Francisko ankaidula tizidutswa, kutikulunga m'mapepala, kutiika m'dengu kumbuyo kwa njinga. Mwambo wawo unali woti chidutswa choyamba chipite kwa amene chaka chamuzunza kwambiri: wofedwa, wodwala, amene denga linasasuka ndi mphepo. Chaka chonse ankakhala akusunga mayina m'mutu. A Dorothy ankadandaula kuti eni nkhuku zoikira mazirawo amangonyambita mpeni, koma ndi iwo omwe ankasita mapepalawo ndi kukumbutsa amuna awo khomo limene aiwala.

Chidutswa chilichonse chinkapita ndi mawu ake. Sankalalikira zitalizitali, ndipo chilichonse ankachitengera ku uvuni. Chaka china a Ellina, oyandikana nawo, anali atataya mtima ndi mwana wawo amene analephera mayeso a Folomu 4 kawiri. Ankauza aliyense kuti anabereka chitsiru. A Francisko anawapeza pakhonde atagwira tsaya.

"Mayi Ellina, mwanayo ali pa nyimbo yachitatu. Inu mwatsegula kale chitseko n'kumalira kuti keke ndi yaiwisi. Tsekani, muziyimba."

"Ndiyimbe mpaka liti, a Francisko?"

"Mpaka mumve fungo. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Landirani, idyani, Mwana wabadwa."

Lero mwana uja amawotcherera zitsulo ku Namadzi, ali ndi antchito awiri, ndipo a Ellina akamanena za iye mumachita kuwasiya akulankhulabe. Anthu ambiri kuno ali ndi mawu awo amene anawalandira pamodzi ndi keke, ndipo amawasunga ngati satifiketi ya ubatizo.

Ndiye ukalamba unalowa, ndipo unalowera pa mpweya. A Francisko anayamba kupuma pakati pa mzere ndi mzere. Kenako pakati pa mawu ndi mawu. Nyimbo zinali zomwezo, ndime zomwezo, koma zimene kale zinkatha ola lisanakwane tsopano zinkapitirira ndi theka. Moto suudziwa ukalamba wa munthu. Chaka choyamba keke inatuluka yoderako. Chachiwiri inatuluka ndi chikhungwa chakuda m'mbali. Chachitatu Selestina anachita kuigogoda ndi mpeni kuti ichoke m'chitini. Maso a bambo ake anali atachita khungu pang'ono, lilime nalo litagontha, choncho iwo ankaona keke yawo yakale yomwe ija.

Palibe anaitanitsa msonkhano, koma mudzi wonse unagwirizana bodza limodzi, ndipo ine ndimanyadira bodza limenelo mpaka lero. Anthu ankalandira chidutswa ndi manja awiri, kuluma pamaso pawo, n'kunena kuti, "Chaka chino ndiye yakhwima bwino!" Njinga ikangokhota ankathamangira kuseri kukapala makalawo ndi mpeni. A Jeremiah, mkulu wa mpingo, anasiya dzino m'chidutswa chawo, n'kulumbira pamaso pa anthu kuti linali logwedera kale. Munthu woti sananamepo chilowereni ukulu wa mpingo.

Selestina ndiye ankavutika kuposa onse. Ankadziwa chimene chikupsereza keke, ndipo ankadziwa mankhwala ake: pankafunika munthu wa mpweya wokwanira woti ayimbe nyimbozo pa liwiro lawo lakale. Munthu wodziwa liwiro limenelo padziko lonse anali mmodzi, ndipo ankamuona m'kalilole m'mawa uliwonse. Ndiye anayesa njira zina zonse kupatula imeneyo.

Anayamba ndi kuphula nkhuni ziwiri mobisa. Bambo ake anangoyandikiza kuseri kwa dzanja pa njerwa n'kuyimba kuti, "Waba moto wanga ndani-i-i, alape!" Tsiku lina anayesa kuwanyengerera.

"Ababa, bwanji chaka chino tichotseko nyimbo ziwiri? Mukutopa."

"Ndichotse mtumwi uti? Petulo? Kamuuze wekha."

Pomaliza anameza manyazi n'kupita kwa a Hillary, amene tsopano anali ndi imvi koma kwaya anali nayobe. Anagwirizana zouza a Francisko kuti achinyamata akufuna kudzawalemekeza powayimbira pa uvuni, Loweruka lina Khirisimasi isanafike, moyeserera. Mkuluyo anakondwa, anavala jekete. Kwaya inafika ndi kiyibodi ya batire, ng'oma ziwiri ndi masitepe ake. Anayimba mokoma zedi, amayi odutsa ndi nkhuni anatula mitolo. Koma ana a masiku ano nyimbo amaithamangitsa ngati minibasi yolimbirana anthu pasiteji. Khumi ndi ziwiri zonse zinatha nkhuni zisananyeke n'theka lomwe. Atatsegula chitseko, m'chitini munali phala.

A Francisko anaviika chala, kulawa, n'kuyang'ana anawo mwachifundo.

"Mumayimba bwino, ana inu. Koma mukuthamangira kuti? Mulungu sakusamuka."

A Dorothy anatenga phalalo n'kulikazinga m'mafuta kuti mazira awo asapite pachabe. Khirisimasi imeneyo a Francisko anayimbanso okha, ndipo mudzi unapalanso makala.

Chaka chotsatira, mvula yoyamba itangogwa, a Francisko anagwa m'munda akudzala chimanga. Anagona kuchipatala ku Nguludi sabata ziwiri. Adokotala anati mtima watopa, asamagwire ntchito yolemetsa, ndipo atamva mbiri yawo kwa odwala anzawo a m'chipindamo anawonjezera kuti kuyimbako achepetse. Anabwerera kunyumba ataonda, jekete likulendewera m'mapewa. Koma Disembala atangolowa anati akufuna kuyesa mpweya ndi masikono, nyimbo zitatu zokha.

Nyimbo zitatuzo zinawatengera nthawi ya zisanu ndi imodzi. Selestina anatenga thireyi mwachangu n'kuzemba nayo kuseri kwa khitchini. Ali kalikiliki kupala, anamva ndodo kumbuyo kwake. A Francisko anaima pamenepo akuyang'ana mulu wa zopalidwa zakuda pansi, zimene nkhuku zinkangozizungulira osajompha. Anawerama movutikira, kutola pang'ono, kufikisa m'zala, kununkhiza.

"Unayamba liti zimenezi?"

Selestina anafuna kunama, koma bodza linakana kutuluka. "Chaka chachinayi chino, ababa."

"Ndi mudzi wonse?"

Selestina anavomera ndi mutu.

"Ndiye kuti dzino la a Jeremiah lija..." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu. "Ndakhala ndikupereka makala kwa amasiye, n'kumawauza kuti Mwana wabadwa."

"Ankadya mokondwa, ababa. Amakukondani."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake zikuwawa."

Analowa m'nyumba, kupachika chipewa pa msomali, n'kunena kuti chaka chino kulibe keke. Kuyambira tsiku limenelo sanayimbenso. Ankakhala pampando pafupi ndi zenera, kudya masipuni awiri, kugona. Anthu obwera kudzawaona ankawayankha mwaulemu ndi mawu wamba, ndipo ankatuluka akupukuta m'maso. Mu uvuni munayamba kuikira nkhuku. Selestina anaona poyera kuti chimene chidzatenge bambo ake msanga si mtima umene ananena adokotala, koma uvuni wozizirawo, ndipo anachita mantha.

Pa 24 Disembala kunacha kowala, mvula itagwa dzulo lake, phiri la Chiradzulu likuoneka lonse. Selestina anasamutsa nkhuku ndi mazira ake, kusesa mu uvuni, kukoleza moto ndi nkhuni zimene anaziyanika m'khitchini sabata yonse. Anasefa fulawa, kutikita majarini ndi shuga. A Dorothy anabwera n'kuima pambali manja ali m'chiuno.

"Ndiye ayimba ndani?"

Selestina anathira m'chitini, kulowetsa, kutseka kachitseko. Tsopano panalibenso pothawira: mazira khumi anali m'kati, moto ukuyaka. Anaima pamalo pamene bambo ake ankaima, pamene nthaka inachita kulowa ndi mapazi awo. Mayi wa ana atatu, wa zaka makumi anayi ndi chimodzi, ankaopa ngati kamtsikana ka pamzere wa kwaya. Anatsegula pakamwa, panatuluka mpweya wokha. Anakhosomola kawiri, kutsinzina, n'kuyesanso.

Abale anga, ine ndinali m'munda ndikuthira feteleza, ndipo ndinataya kachitsekerero koyezera. Paja amati make mbuu mwana mbuu, koma apa anali bambo ake enieni, n'kuwonjezerapo mphamvu ya munthu amene wasunga mawu zaka makumi atatu. Agalu a kutsidya, amene anali atapuma mwezi wathunthu, anadzuka onse. A Dorothy anagwetsa beseni.

"Mayo ine! Alipo awiri!"

Nyimbo yoyamba isanathe, chitseko cha nyumba chinatseguka. A Francisko anatuluka pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja, mabatani a jekete atasemphana. Anakhala pa mtondo wovundikira pafupi ndi uvuni n'kuyamba kugogoda pansi ndi ndodo, kusunga liwiro. Selestina anawamva koma sanatsegule maso, ankadziwa kuti akawaona alira, nyimbo iduka.

"Ukuthamanga!" anatero mkuluyo pa nyimbo yachiwiri. Pa yachisanu anati, "Wadumpha ndime, bwerera!" Pa yachisanu ndi chiwiri sanadzudzulenso, ankangogwedeza mutu.

Anthu tinadzaza kumpanda. Sindinama kuti sitinaseke, tinaseka ndithu, koma ambiri tinkaseka misozi ili mbwembwembwe. A Ellina anali pamenepo, a Jeremiah anali pamenepo ndi mpata wawo wa dzino. A Hillary nawo anafika, anamvetsera kanthawi, anavula chipewa, ndipo pa nyimbo yachisanu ndi chinayi anakonza kukhosi kuti athandizeko ndi besi. A Francisko anawaloza ndi ndodo.

"Inu aphunzitsi muli ndi nkhope yabwino. Muzingoyendetsa milomo."

Mpanda wonse unagwa nako kuseka, ndipo amene anaseka kwambiri anali a Hillary eni ake. Anayendetsadi milomo mpaka kumapeto.

Pa Yudasi, a Francisko analowa nawo chapansipansi, mawu ochepa amene mpweya unawalola. Kenako nyimbo inatha. Selestina anakulunga nsanza m'manja n'kutsegula. Fungo linatifika kumpanda keke isanatuluke. Inali itafufuma mpaka kupitirira milomo ya chitini, yofiirira bwino, yong'aluka pang'ono pamwamba monga inkakhalira masiku akale. A Francisko anathyola kachitsotso, kubaya pakati, kukazula, kukayandikiza kumaso. Kanatuluka kouma.

"Mwana wanga," anatero, "mawu ako ndi oipa kuposa anga. Zaka sate wandibisira chuma chotere?" Kenako anatembenukira kwa ife, chifuwa chija chitabwereranso patsogolo. "Mwamumva? Wanga ameneyu! Wobereka ine!"

Selestina anagwada pamatope pomwepo, mutu pa maondo a bambo ake, n'kulira ngati mwana, iwo akumusisita.

M'mawa mwake, anthu atatuluka m'tchalitchi, Selestina anadula keke. Bambo ake anayamba kutchula mayina a oyenera kulandira, koma iye anatenga chidutswa choyamba, cha pakati penipeni, n'kugwada nacho pamaso pawo.

"Mwambo ndi wanu womwe, ababa. Choyamba chimapita kwa amene chaka chamuzunza kwambiri. Landirani, idyani, Mwana wabadwa."

Mkulu wa mawu ambiri uja analandira ndi manja awiri n'kudya pang'onopang'ono, osasiya ndi kanyenyeswa komwe. Zotsalazo Selestina anazungulira nazo mudzi wonse panjinga ya bambo ake, ndipo chaka chimenecho palibe anathamangira kuseri ndi mpeni.

A Francisko anatisiya mu Malichi, chimanga chachiwisi chitayamba kudyedwa. Miyezi itatu yomalizayo anaithera pa mtondo uja Loweruka lililonse, kugogoda ndodo ndi kudzudzula mwana wawo mosangalala. Pamaliro pawo panabwera anthu amene ife eni mudzi sitinkawadziwa, ochokera ku Namadzi, ku Nguludi, ena ku Limbe, aliyense ndi nkhani ya chidutswa chimene analandira chaka chimene zinthu zinamuthina.

Kuno tsopano kuli bwino, mvula ikugwa, ana akukula, koma pali kanthu kamene kanachoka. Munthu ukadutsa pakhomo paja masana umachepetsa liwiro osadziwa chifukwa chake. Mbuzi zimalowa m'nandolo popanda wolengeza. Ukakhala ndi vuto umapeza okuuza kuti limba mtima, ndipo amanena zoona, koma palibe amene amakuuza kuti uli pa nyimbo yachingati. Tinali ndi munthu, ife a ku Nchema, ndipo amene akufuna kutsutsa abwere ndi wawo tidzamuone.

Khirisimasi yoyamba iwo kulibe, Selestina anakolezanso moto. Anayamba bwino, koma pofika pakati maso ake anagwera pa mtondo wopanda munthu, mawu n'kuyamba kutsika mpaka anangotsala manong'onong'o. Kukhonde, a Ellina anali atakhala ndi a Dorothy, akusita mapepala okulungira, ndipo Selestina ankawamva.

"Mukupirira bwanji, anzanga?" anafunsa a Ellina.

A Dorothy anaika simbi pansi. "Zaka fote-foro ndinkapempha Mulungu kuti bambo amene aja akhale chete tsiku limodzi lokha. Limodzi lokha, a Ellina. Wandiyankha mopitirira muyeso." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, kutchera khutu kuseri kwa nyumba, n'kukuwa ndi mphamvu zawo zonse:

"Selestina! Kweza mawu, mwana iwe! Kuno sizikumveka!"